Mwana wanu ndi waliwiro, koma kodi mabuleki ali nawo?

Sabata ino tikambirane za mpira. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti gogo wopuma pantchito ya unamwino angadziwe chiyani za mpira. Sekani ndithu, koma miyendo imene imathamanga m'bwalomo ndi yomweyo imene imafika kuchipatala itatupa, ndipo oyilandira timakhala ife.

Chandiyambitsa nkhaniyi ndi kalata ya bambo ena a ku Lilongwe. Akuti mnyamata wawo wa zaka 15 palibe amamupeza pa liwiro kusukulu kwawo, mpikisano wa mamita 100 amapambana chaka ndi chaka. Koma mphunzitsi wa timu ya achinyamata m'dera lawo amangomukhazika pabenchi, n'kumalowetsa kamnyamata kena kakafupi kamene pothamanga mwana wawoyo amakasiya kutali. Bambowa akuti apa pali kukondera, mwinanso kamwanako kanayendera kwa asing'anga. Ndiye akufunsa ngati n'kulakwa kukamuthira mphepo mphunzitsiyo, kapena kumupezera mwana wawo kachithumwa naye.

Bambo, khalani kaye pansi mumwe madzi. Kwa asing'anga musapiteko, ndalamayo mugulire mwana jombo zomukwana. Mphunzitsiyo sindikumudziwa, ndipo okondera alipo m'matimumu, zimenezo sindingakane. Koma pali chinthu china chimene makolo ambiri, ngakhale osewera eni akewo, sachidziwa. Kuthamanga molunjika ndi luso lina, kuima mwadzidzidzi n'kutembenuka ndi luso linanso. Munthu atha kukhala nalo loyambalo koma lachiwirilo n'kukhala alibe.

Amene munakulira kumudzi mukukumbukira uzimba. Pamalo oyera galu wabwino amatha kumutsendera kalulu, koma akangoti amugwire, kalulu uja amakhota mwadzidzidzi, galu n'kupitirira ndi liwiro lake lomwelo mpaka kukagwera pachitsamba. Akamadzabwerera, mnzake walowa kale kuuna. M'bwalo la mpira zimachitika zomwezo.

Si nthano chabe ayi. M'chaka cha 2005, akatswiri awiri, Thomas Little ndi Alun Williams, anafalitsa zimene anapeza atayeza osewera 106 a m'matimu a ku England, anthu odya mpira ngati ntchito. Anawayeza zinthu zitatu: kudzambatuka pa mamita 10 kuchokera poima, liwiro lapamwamba munthu atatenga kale mtunda, ndi kuthamanga mokhotakhota. Anapeza kuti zitatuzi n'zapachibale ndithu, koma chibale chake n'chapatali. Kudziwa kuti uyu ndi woyamba pothamanga molunjika sikunkathandiza kwenikweni kulosera kuti akhala wachingati pokhotakhota. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu 2001, Warren Young ndi anzake ku Australia anagawa anyamata m'magulu. Ena anawaphunzitsa kuthamanga molunjika kwa masabata 6, ena kukhota basi. Mapeto ake, gulu lililonse linapita patsogolo pa chimene linkaphunziracho, koma pa chinacho phindu linali lochepa zedi. Ndiye mwana wanu akamadzuka m'mamawa kukathamanga mumsewu tsiku ndi tsiku, akuchita bwino, koma asayembekezere kuti zimenezo zimuphunzitsa kutembenuka.

Nonse mukumudziwa Usain Bolt wa ku Jamaica. Mu 2009 ku Berlin anathamanga mamita 100 pa masekondi 9.58. Atasiya za mipikisano yothamanga anafuna kulowa mumpira, ndipo mu 2018 anakayesedwa kutimu ya Central Coast Mariners ku Australia. Anagoletsa zigoli ziwiri pamasewero ena opimana mphamvu, anthu n'kuwomba m'manja, koma sanagwirizane ndi timuyo ndipo nkhani inathera pomwepo. Inde anali atafika zaka 32, ndipo panalinso nkhani ya ndalama. Koma amene anaonera anaona okha kuti mpira ukafika kumapazi, pamalo othinana, munthu wamtali mamita 1.95 uja ankafuna nthawi ndi malo kuti atembenuke. Mpira supatsa munthu zimenezo.

Tsono yerekezani ndi Lionel Messi, wamtali mamita 1.70 okha. Mu May 2015, Barcelona ikusewera ndi Bayern Munich, anamudyetsa njomba Jérôme Boateng mpaka bambo wamkulu uja anagwa yekha chagada, osakhudzidwa n'komwe. Pamenepo Messi sanali paliwiro loopsa. Anangonamizira kuti akulowera mkati, Boateng n'kuyika thupi lonse mbali imeneyo, iye n'kutulukira kunja. Munthu wamfupi thupi lake limakhala pafupi ndi nthaka, masitepe ake ndi aafupi, ndiye kuima ndi kukhota kumamuphweka. Mwina n'zimene mphunzitsi uja akuona mwa kamnyamata kakafupi kaja.

Musandimve molakwa, liwiro si lachabe. Ku Germany anaunika zigoli 360 za mu ligi yawo yaikulu, n'kufalitsa zotsatira mu 2012. Pa zigoli 45 mwa 100 zilizonse, chimene wogoletsayo anachita asanamenye mpira chinali kuthamanga molunjika. Palibe china chinaposa pamenepo. Ndipo ife Amalawi umboni tili nawo pakhomo. Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 akusewera mu Kansas City Current, kuposa 18 za Sam Kerr zimene zinali patsogolo, ndipo otchinga kumbuyo ankamuopa chifukwa cha liwiro. Koma mukadzamuonera pakanema, musamangoyang'ana pamene wafika kale pagolo. Taonani mmene amayambira: amayamba wazemba kaye womulonda, amadikira kuti mpira utuluke kuphazi la mnzake kuti asakhale ofusayidi, kenaka n'kudzambatuka. Liwiro limabwera pambuyo pa maso ndi mutu.

Pajatu pampira munthu sathamanga mamita 100. Wosewera wamkulu amayenda ndi kuthamanga makilomita 10 kapena kuposerako pamasewero amodzi, koma kuthamanga kwa liwiro lenileni kumatenga masekondi awiri, atatu kapena anayi basi, ndipo kawirikawiri sikufika mamita 30. Wothamanga mamita 100 amafika pachimake cha liwiro lake atadutsa theka la mtunda. Wampira asanafike n'komwe pamenepo, mpira wasintha kale njira. Kafukufuku wina wa mu 2007 pa osewera a Premier League ya ku England anawerenga kuti munthu mmodzi amatembenuka ka 700 kapena kuposa pamasewero amodzi. Ka 700, abale! Ndiye mwana amene amadziwa kupita kutsogolo kokha ali ngati njinga ya kabaza yopanda mabuleki pamtsetse.

Tsopano ndilowe m'munda wanga, wa thupi la munthu.

Pothamanga molunjika, minofu ya m'matako, ya kuseri kwa ntchafu ndi ya m'katumba imakankha nthaka kumbuyo, thupi n'kupita kutsogolo. Poima mwadzidzidzi ntchito imasintha. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imayenera kugwira thupi uku ikukokedwa, ngati mmene mumagwirira chingwe potsitsa ndowa yodzaza m'chitsime. Mphamvu imene mwendo umalandira poima imaposa imene umatulutsa poyamba kuthamanga. Ndipo munthu akamathamanga kwambiri, kapena akakhala wathupi, katundu woti amuimitseyo amakulanso. Apa ndi pamene pali chodabwitsa: mwana waliwiro ndi amene amafunika mabuleki amphamvu kuposa anzake onse. Wodziwa kukhota amatsitsa chiuno, amapinda mawondo, amachepetsa masitepe, ndipo mabuleki amayamba kumanga pa sitepe yotsogolera ija, osadikira yomaliza. Wosadziwa amafika ali njo, mwendo uli wowongoka, n'kuponda kamodzi kuti atembenukire pomwepo. Katundu yense amathera pabondo.

Pali chinanso chimene sichili m'miyendo. Kuthamanga mokhotakhota pakati pa mabotolo amene mwawandandalika nokha n'kosavuta, chifukwa mukudziwiratu pokhota. Botolo silinamiza munthu. Koma m'bwalo mnzako amakupusitsa, mpira umadumpha pachulu, ndipo uyenera kusankha m'kuphethira kwa diso. Osewera ozolowera amawerenga chiuno ndi mapewa a mdani, amayamba kusuntha mnzawoyo asanamalize ganizo lake. N'chifukwa chake mumaona wotchinga kumbuyo wachikulire, liwiro linatha kalekale, koma anyamata akulephera kumudutsa. Zimenezi siziphunziridwa mumsewu. Zimaphunziridwa posewera ndi anthu, pamalo ochepa, atatu kwa atatu, anayi kwa anayi.

Ine ndimadandaula ndikamaona ana a masiku ano m'matauni atangokhala pakhonde ndi foni. Chipako, fulaye, jingo, phada, mpira wachikulunga pakati pa nyumba ndi nyumba, amenewa anali masukulu a miyendo. Mtsikana wodziwa fulaye amazemba mpira wochokera kutsogolo ndi kumbuyo uku akuthira mchenga m'botolo. Mungamuphunzitsenso chiyani za kuzemba ameneyo? Makolo, mwana wa zaka 8 kapena 10 musamuthamangitse mozungulira bwalo ngati msilikali. Musiyeni asewere.

Nanga mungadziwe bwanji pamene mwana wanu akuperewera? Sizifuna makina. Pezani malo osalala opanda maenje. Muthamangitseni ndi mnzake mamita 10, kenaka mamita 30, muone amene akutsogola poyamba ndi amene akutsogola pomaliza, chifukwa nthawi zambiri sakhala munthu mmodzi. Kenaka jambulani mzere, athamange, aponde pamzerepo, atembenuke n'kubwerera mamita 5. Achite potembenukira kumanja, achitenso kumanzere. Ana ambiri ali ndi mbali imodzi yokha imene amaikhulupirira, ndipo mdani wochenjera amaizindikira mphindi 10 zisanathe. Pomaliza, ndipo ichi ndiye chofunika kwa ine, muimikeni pakhonde kapena pa sitepe yofika m'mawondo, adumphire pansi ndi miyendo yonse iwiri inu mutaima kutsogolo kwake. Yang'anani mawondo. Akamagwera mkati ngati akufuna kugundana, kapena mwana akamatera ndi miyendo yowongoka kuti di, dziwani kuti pali ntchito.

Ndikunena izi chifukwa mkati mwa bondo muli mtsempha wina wolimba umene umagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti asasemphane. Madokotala amautcha ACL. Anthu ambiri amaganiza kuti umaduka munthu akapondedwa kapena kutchetchedwa. Zoona zake n'zakuti nthawi zambiri umaduka popanda wina kumukhudza munthuyo, pamene akuima mwadzidzidzi, akukhota kapena akutera. Michael Owen wa ku England, mnyamata amene anatchuka ndi liwiro ali ndi zaka 18 pa World Cup ya 1998, anagwa yekha m'mphindi zoyambirira pamasewero a England ndi Sweden pa World Cup ya 2006. Bondo linangopotoka, ndipo anakhala kunja miyezi pafupifupi 10. Mwawi Kumwenda wathu wa ntchemberembaye naye unamudukira mu 2018 akusewera mu Melbourne Vixens. Anabwerera, ndipo mu 2020 timu yake inatenga chikho iye n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino pa ndime yomaliza. Koma anali ku Australia, kumene opaleshoni ndi mafizo a miyezi yambiri zinalipo. Mnyamata wa timu ya m'dera kuno kwathu likamuchitikira, kawirikawiri mpira umathera pomwepo, n'kutsala ndi bondo lomagwedera moyo wake wonse.

Inu amene muli ndi ana aakazi, tcherani khutu. Atsikana mtsemphawu umawadukira kawiri kapena katatu kuposa anyamata pamasewero omwewo. Chiyambire pamene ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023, atsikana ofuna kutsata mapazi a Tabitha ndi Temwa ndi ambiri, ndipo ine ndimakondwera nazo. Koma wina awaphunzitse kutera ndi kukhota asanawaphunzitse zina zonse.

Waliwiro alinso ndi vuto lakelake, la mnofu wa kuseri kwa ntchafu. Mumawaona osewera akuthamanga bwinobwino kenaka n'kugwira kumbuyo kwa mwendo ngati alumidwa ndi mavu. Pamenepo mnofu wang'ambika, ndipo kuvulala kumeneku ndi kumene kumachuluka mwa osewera akuluakulu. Kuipa kwake, kumakonda kubwereza munthu akafulumira kubwerera m'bwalo.

Nkhani yabwino ndi yakuti zambiri mwa izi n'zopeweka, ndipo popanda kulipira. Bungwe la FIFA lili ndi ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa 11+, ya mphindi 20 basi: kuthamanga pang'onopang'ono, kuima ndi mwendo umodzi, kulimbitsa pamimba ndi m'chiuno, kudumpha n'kutera mawondo atapindika, ndi kukhota moyenera. Anaiyesa ku Norway pa atsikana pafupifupi 1,900 a zaka 13 mpaka 17, ndipo zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ku Lagos m'dziko la Nigeria anaiyesanso pa anyamata, ndipo nako inathandiza. Aphunzitsi amene muli ndi mafoni a intaneti, ifufuzeni, ndi yaulere. Mkati mwake muli masewero ena amene ndimawakonda: mwana amagwada pofewa, mnzake n'kumugwira akakolo, iye n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono thupi lili lowongoka, kudzigwira ndi kuseri kwa ntchafu mpaka atalephera n'kutera ndi manja. Amenewa akamachitidwa mosadumphitsa amachepetsa kung'ambika kwa mnofu uja ndi theka. Koma ayambe ndi katatu kapena kasanu kokha, chifukwa mawa lake ntchafu zimawawa ngati wamenyedwa ndi musi.

Pa kukhota kwenikweniko, mwana ayambe waphunzira kuima. Athamange mamita 10 ndi theka la liwiro lake, aime pamzere ndi masitepe atatu, chiuno pansi, bondo lili pamwamba pa phazi. Akazolowera awonjezere liwiro. Kenaka aime moyang'anizana ndi mnzake, wina akhale mtsogoleri wina mthunzi, kulikonse kumene mtsogoleri wapita mthunzi utsatire. Masekondi 10, apume, asinthane. Zimenezi azichita kumayambiriro, thupi lisanatope, kawiri kapena katatu pasabata. Aphunzitsi ena amaika zokhotakhota kumapeto ngati chilango, ana ali wefuwefu. Kumeneko n'kuitana ngozi, chifukwa mwendo wotopa ndi umene umaponda molakwika.

Bambo a ku Lilongwe aja ndiwauzenso ichi. Pa zaka 13 mpaka 15 anyamata amatalika mofulumira, atsikana amayamba msanga pang'ono. Mafupa amatsogola, minofu n'kumatsatira pambuyo, ndipo mwana amene chaka chatha anali wopepuka amayamba kupunthwa ndi mapazi ake omwe. Zimatha zokha thupi likakhazikika. Ena amamva kuwawa pakafupa kotuluka kunsi kwa bondo. Si matsenga, ndi kukula, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa kudumpha ndi kuthamanga mpaka ululu utachepa. Ndiye mukapita kwa mphunzitsiyo, pitani ngati kholo lofuna kudziwa. Mufunseni kuti mwanayu akuperewera pati, ndipo achite chiyani kuti alowe. Mphunzitsi woona mtima akuyankhani mwatchutchutchu. Akamazungulira osatchula kanthu, pamenepo mutha kuyamba kuganiza zomupezera timu ina. Mwinanso mwanayo akumuseweretsa pamalo olakwika. Waliwiro lolunjika amapindula m'mbali mwa bwalo, kumene kuli malo othamangira, osati pakati pothinana.

Mabwalo athu nawo mukuwadziwa: dothi louma gwa m'chilimwe, matope m'dzinja, maenje ndi zitsa za udzu. Jombo za mano aatali pabwalo louma zimakola, phazi n'kutsala pomwepo thupi likutembenuka. Jombo zobwereka zazikulu phazi limasewera mkati. Anyamata asanayambe aziyenda kaye m'bwalo kuchotsa miyala ndi kukwirira maenje, si ntchito ya mphindi zambiri.

Ngozi ikachitika, chonde musamukoke mwendo kuti muwongole, ndipo musamuuze kuti alimbe mtima apitirize. Atuluke. Ikani madzi oundana okulunga m'kansalu kwa mphindi 15 kapena 20, kangapo patsiku. Ngati mulibe, nsalu yonyowa ndi madzi ozizira a mumtsuko ithandizako. Mangani ndi bandeji mosathinitsa, mwendo ukhale pamwamba pa pilo. Masiku awiri oyamba musathowe ndi madzi otentha ndipo musasisite, chifukwa kutero kumawonjezera kutupa. Mphini musateme, ndaona mabala ambiri amene analowa mafinya chifukwa cha lezala. Panado ndi wokwanira pa ululu. Koma chizolowezi chomwera mankhwala opha ululu kapena kubayitsa jakisoni kuti munthu alowe m'bwalo n'choopsa, chifukwa mumatseka pakamwa mlonda amene akukuchenjezani.

Mwana akanena kuti anamva kuti phwa m'bondo, bondo n'kutupa m'maola ochepa, kapena akamati likugwedera kapena kukanirira osawongoka, kapena akulephera kuponda masitepe anayi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akaonedwe ndi a zamafupa. Ndipo akakuuzani kuti X-ray sikuonetsa fupa lothyoka, musathamangire kunena kuti ali bwino. X-ray imaona mafupa, mitsempha siyiona. Funsani kuti alipime bondolo ndi manja, ndipo funsaninso za mafizo. Asabwerere m'bwalo chifukwa chakuti kutupa kwatha kapena chifukwa Loweruka kuli fainolo. Abwerere akamatha kudumpha ndi mwendo wovulalawo mtunda wofanana ndi wa mwendo wabwino, kuima mwadzidzidzi, ndi kukhotera mbali zonse ziwiri popanda ululu ndi popanda mantha. Ngati mtsempha wa ACL unaduka n'kuchitidwa opaleshoni, werengerani miyezi 9 kapena chaka chathunthu.